Pulofesa Bongani Mayosi: dotolo amene anafufuza matenda a mtima ovutitsa anthu osauka

Anthu ambili akamva za matenda a mtima amaganiza za munthu wacikulile, wonenepa ndiponso wopeza bwino, amene wagwa mwadzidzidzi mtima utaleka kugunda. Koma m'zipatala zikuluzikulu za mu Africa, kuphatikizapo za muno mu Zambia, madotolo amakumana kawilikawili ndi odwala a mtundu wina: mwana wa sukulu wotupa miyendo, mai woyembekezela amene amabanika akagona cagada, kapena mnyamata wodwala TB amene mtima wake wazingidwa ndi madzi. Awa ndi matenda a mtima amene amayenda pamodzi ndi umphawi, ndipo kwa zaka zambili akatswili ofufuza za mankhwala sanali kuikako nzelu kwenikweni.

Mmodzi wa anthu amene anasintha zimenezi ndi malemu Pulofesa Bongani Mayosi, dotolo wa matenda a mtima wa ku South Africa, amene anamwalila mu 2018 ali ndi zaka 51. Pa zaka zosakwana 20 zimene anagwila nchito yofufuza pa yunivesiti ya Cape Town, iwo anagwilizanitsa madotolo a m'maiko ambili a mu Africa kuti awelenge odwala ao, ayese mankhwala m'zipatala zao zomwe, ndi kupeleka zimene apeza kwa maboma. Mbali ina ya nchitoyo inacitikila ku Lusaka ndi ku Livingstone.

Kucokela ku Mthatha kufika ku Oxford

A Mayosi anabadwa pa 28 January 1967 m'tauni ya Mthatha, m'dela limene panthawiyo linali kuchedwa Transkei. Atate ao anali dotolo ndipo amai ao anali namwino. Atatsiliza sukulu ya sekondale pa St John's College m'tauni yomweyo, anapita ku yunivesiti ya Natal ku Durban, kumene anamaliza maphunzilo a udotolo mu 1989. Anayamba nchito pa cipatala ca Livingstone mumzinda wa Port Elizabeth, umene tsopano ukuchedwa Gqeberha, ndipo pambuyo pake anasamukila ku cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Cipatala cimeneci n'cochuka cifukwa ndi pamene Christiaan Barnard anacita opaleshoni yoyamba yoika mtima wa munthu wina mwa wodwala mu 1967, caka comwe a Mayosi anabadwa.

Mu 1998 anapeza mwai wokaphunzila pa yunivesiti ya Oxford ku England, kumene anafufuza mmene zinthu zoopseza mtima zimayendela m'magazi a pabanja, motsogoleledwa ndi Pulofesa Hugh Watkins. Anabwelela ku Cape Town mu 2001, ndipo digili yao ya ku Oxford inapelekedwa mu 2003. Mu 2006 anasankhidwa kukhala mkulu wa dipatimenti yoona matenda a m'kati mwa thupi pa yunivesiti ya Cape Town ndi pa Groote Schuur. Anali munthu wakuda woyamba kukhala pa udindo umenewo.

Munthu wophunzila kotelo akanatha kukhalilila ku Ulaya, kapena kupitiliza kufufuza matenda omwe amavutitsa anthu a kumeneko, kumene ndalama za kafukufuku zimapezeka mosavuta. Iwo anasankha kuyamba ndi funso lapafupi: kodi anthu amene agona m'mawodi athu akudwala ciani, ndipo cimene timawapatsa cimawathandizadi?

Mitima ya anthu a mu Africa imalefuka ndi ciani?

Mabuku ambili amene madotolo a mu Africa amaphunzila analembedwa potengela odwala a ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko, mtima umalefuka kawilikawili cifukwa cakuti mitsempha yodyetsa mtimawo yatsekeka ndi mafuta, ndipo odwala ambili amakhala a zaka za m'ma 70.

A Mayosi anali mmodzi wa atsogoleli a kafukufuku wochedwa THESUS-HF, pamodzi ndi Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Mozambique ndi Pulofesa Karen Sliwa wa ku Cape Town. Kafukufukuyu, amene zotulukapo zake zinafalitsidwa mu 2012, anaona odwala 1,006 amene anagonekedwa m'zipatala za maiko 9 a mu Africa mtima utalefuka. Anapeza kuti odwalawo anali a zaka 52 tikatenga pakatikati, kutanthauza anthu amene akali kugwila nchito ndi kulela ana. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 45 mtima unalefuka cifukwa ca kuthamanga kwa magazi, kumene ambili amati BP. Pafupifupi 14 anali ndi tizitseko ta mtima toonongeka ndi matenda ochedwa rheumatic heart disease. Amene anali ndi mitsempha yotsekeka ndi mafuta sanafike 8.

Ziwelengelozi zinaonetsa poyela kuti unduna wa za umoyo umene ungangokopela ndondomeko ya ku Ulaya ungaononge ndalama pa vuto la anthu ocepa, uku ukusiya mavuto amene akupha ambili. A Mayosi anaika mphamvu zao makamaka pa matenda awili: TB ya pa kathumba ka mtima, ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi.

Pamene TB yafika pa mtima

Mtima umakhala m'kathumba kopyapyala kamene kamauteteza ndi kuulola kugunda momasuka. Tizilombo ta TB tikacoka m'cifuwa n'kufika pa kathumba kameneka, timacititsa kuti katupe ndi kudzaza madzi. Madziwo akaculuka amaupanikiza mtima mpaka kulephela kulandila magazi, ndipo wodwala akhoza kufa ngati madotolo sanawapope msanga. Kwa ena, madzi akauma kathumbako kamakhuthala ndi kuuma gwa, n'kuumanga mtima ngati cikopa couma. Pamenepo cothandiza cimakhala opaleshoni yosenda kathumbako, imene imacitika m'zipatala zowelengeka cabe. Mu Africa, TB ndiyo imacititsa kwambili madzi ozinga mtima, ndipo vutoli linakula pamene kacilombo ka HIV kanafalikila.

Coyamba a Mayosi ndi anzao anafuna kudziwa kukula kwa ngoziyo. Anatsatila odwala 185 m'zipatala 15 za ku Cameroon, Nigeria ndi South Africa, ndipo mu 2008 analengeza kuti wodwala mmodzi mwa anai alionse anamwalila pasanathe miyezi 6, ngakhale kuti anali kumwa mankhwala a TB. Mwa amene anali ndi zizindikilo za HIV, imfa zinafika pa 40 mwa 100 alionse.

Panali funso limene linavutitsa madotolo kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1980, kafukufuku amene anacitika ku Mthatha, kwao kwa a Mayosi, anaonetsa ngati kuti kuonjezela mankhwala ocepetsa kutupa ochedwa prednisolone pa mankhwala a TB kumathandiza. Koma odwala amene anayesedwa anali ocepa, ndipo nthawiyo HIV inali isanafalikile. Mankhwala amenewa amafooketsa citetezo ca m'thupi. Kodi n'kwanzelu kuwapatsa munthu amene citetezo cake cafooka kale? Madotolo ena anali kupeleka, ena osapeleka, ndipo panalibe amene anali ndi umboni wokwanila.

Pofuna kuyankha, a Mayosi anatsogolela kafukufuku wochedwa IMPI, mogwilizana ndi Pulofesa Mpiko Ntsekhe wa ku Cape Town ndi Pulofesa Salim Yusuf wa pa yunivesiti ya McMaster ku Canada. Kuyambila mu 2009 kufika mu 2014, odwala 1,400 a m'zipatala 19 za maiko 8 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, anatengako mbali. Awili mwa atatu alionse anali ndi HIV. Onse analandila mankhwala a TB. Kuonjezela apo, theka la iwo linapatsidwa prednisolone kwa milungu 6, pamene theka lina linapatsidwa mapilitsi ofanana nao maonekedwe koma opanda mankhwala. Amene anasankha gulu la wodwala aliyense si dotolo koma maele a kompyuta, ndipo wodwala ndi dotolo yemwe sanadziwe amene akumwa ciani. Njila imeneyi imacotsa kukondela, cifukwa munthu akakhulupilila kale mankhwala ena amangoona zabwino zake.

Zotulukapo zinafalitsidwa mu 2014 m'magazini ya madotolo ya New England Journal of Medicine, ndipo sizinali zimene ambili anali kuyembekezela. Poŵelengela pamodzi imfa, kupanikizika kwa mtima ndi kuuma kwa kathumba, magulu awiliwo sanasiyane kwenikweni: onse anali pafupi ndi 24 mwa 100. Prednisolone sanacepetse imfa. Komabe anacepetsa kuuma kwa kathumba, kucoka pa odwala pafupifupi 8 mwa 100 kufika pa 4, ndiponso anacepetsa kugonekedwa m'cipatala. Kumbali ina, khansa inaonjezeka mwa omwa prednisolone, makamaka khansa yoyendela limodzi ndi HIV monga Kaposi sarcoma. Katemela wina amene anayesedwa pa kafukufuku yemweyo sanathandize.

Wina angaganize kuti kafukufuku amene sanapeze mankhwala opulumutsa moyo walephela. Si conco. Anauza dotolo amene waima pambali pa bedi kuti mankhwala amene anali kupelekedwa mwacizolowezi ali ndi phindu pa ena ndi ngozi pa ena. Mu 2015 bungwe la madotolo a mtima la European Society of Cardiology linalemba m'malangizo ake kuti mankhwalawa angaganizilidwe kwa odwala amene alibe HIV, koma apewedwe kwa amene ali nako kacilomboka. Apa umboni wocokela m'zipatala za mu Africa unaongola malangizo a ku Ulaya, pamene mwa nthawi zonse zinthu zimayenda mosemphana.

Zilonda zapakhosi zimene zimaononga mtima

Nchito imene a Mayosi amakumbukidwa nayo kwambili kunja kwa South Africa ndi yolimbana ndi rheumatic heart disease. Matendawa amayamba ndi cinthu cimene makolo ambili amaciona ngati cacing'ono: zilonda zapakhosi mwa mwana wa zaka 5 kufika 15, zoyambitsidwa ndi tizilombo tochedwa streptococcus. Tizilomboti timafalikila mosavuta kumene anthu amagona mothithikana. Mwa ana ena, thupi likamamenyana ndi tizilomboti limasokonezeka n'kuyamba kumenya ziwalo zake zomwe. Pakapita milungu iwili kapena itatu, mwanayo amatentha thupi, mfundo za m'maondo ndi m'zigongono zimatupa ndi kuwawa mosinthanasinthana, ndipo ena amagwedezeka manja ndi nkhope mosafuna.

Mfundo zimacila, koma mtima umatsala ndi zipsela. Mumtima muli tizitseko tinai timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi aziyenda njila imodzi. Nthawi iliyonse matendawa akabwelela, tizitsekoti timakwinyika mpaka kuyamba kudontha kapena kuphinjika. Pakapita zaka, munthuyo amayamba kupuma movutikila, kutupa miyendo, ndipo ena amafa ziwalo cifukwa ca magazi oundana amene acoka mumtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Kwa mai, ngozi imakula pa nthawi ya pakati, cifukwa mtima umafunika kupopa magazi oculuka.

Comvetsa cisoni n'cakuti mankhwala oteteza ndi akale ndiponso ochipa. Penicillin akapelekedwa pa zilonda zapakhosi amaletsa matendawa kuyamba. Mwana amene wadwala kale amatetezedwa mwa kulasidwa nyeleti ya benzathine penicillin pa milungu itatu kapena inai iliyonse, kwa zaka zambili. Ku Ulaya ndi ku America matendawa anacepa kwambili m'zaka za m'ma 1900 pamene nyumba ndi zipatala zinakhala bwino. Koma mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni pa dziko lonse anali nao, ndipo oposa 300,000 anafa nao caka cimeneco.

A Mayosi, pamodzi ndi wophunzila wao Dr Liesl Zühlke ndi madotolo ena, anakhazikitsa kaundula wa odwala wochedwa REMEDY. Kuyambila mu 2010 kufika mu 2012 analemba odwala 3,343 m'zipatala 25 za maiko 12 a mu Africa, komanso ku India ndi ku Yemen. Zambia inali m'gulu la maikowo, pamodzi ndi Malawi ndi Mozambique. Theka la odwalawo linali la zaka 28 kapena kucepelapo, ndipo awili mwa atatu alionse anali akazi. Ambili anafika ku cipatala tizitseko titaonongeka kale kwambili. Amene anali kulandila penicillin woteteza anali 55 cabe mwa 100 alionse. Mwa akazi a msinkhu wobeleka, amene anali pa njila yolela sanafike 4 mwa 100, ngakhale kuti pakati posakonzekela pakhoza kuwapha.

Ofufuzawo anatsatila odwalawo kwa zaka ziwili. Mu 2016 analengeza kuti pafupifupi 17 mwa 100 alionse anali atamwalila, ndipo theka la omwalilawo linali lisanakwanitse zaka 29. Imfa zinali zoculuka m'maiko osauka kwambili kuposa m'maiko opezako bwino. Cotelo kafukufukuyu anaonetsa kuti cosowa si nzelu yatsopano, koma kufikitsa kwa wodwala mankhwala amene akudziwika kale.

Kucokela ku Drakensberg, kudzela ku Livingstone, kufika ku Geneva

A Mayosi sanakhutile ndi kulemba m'magazini a akatswili. Anadziwa kuti ziwelengelo zikapanda kufika pa thebulo la nduna, nyeleti ya penicillin siingafike pa kiliniki ya kumudzi. Mu 2005, kudzela m'bungwe la madotolo a mtima a mu Africa la PASCAR, limene pambuyo pake analitsogolela, anasonkhanitsa akatswili ku mapili a Drakensberg ku South Africa. Kumeneko anagwilizana pa mfundo zinai: kudziwitsa anthu za matendawa, kuwelenga odwala, kulankhula ndi maboma, ndi kuteteza ana.

Msonkhano waciwili wa mtundu umenewu unacitikila muno mu Zambia, mumzinda wa Livingstone, mu 2014. Cikalata cimene cinatulukapo cinachedwa ndi dzina la mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo cinafalitsidwa m'magazini ya The Lancet Global Health. Mwa amene anacilemba pamodzi ndi a Mayosi munali Dr Joseph Kasonde, amene panthawiyo anali nduna ya za umoyo ya dziko lino.

Mu 2015 bungwe la African Union linaitanitsa akatswili ku Addis Ababa, ndipo anakonza mfundo 7 zothetsela matendawa mu Africa. Zina mwa izo ndi kukhala ndi kaundula wa odwala, kuonetsetsa kuti benzathine penicillin wabwino sakusowa, kupeleka cithandizo ca kulela kwa akazi odwala mtima, kufikitsa makina ounikila mtima ku zipatala za m'maboma, ndi kukhazikitsa zipatala zocitila opaleshoni ya mtima. Potsiliza, mu May 2018, msonkhano waukulu wa bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO ku Geneva unavomeleza cigamulo copempha maiko onse kuti alimbane ndi matendawa. Panali patapita zaka 13 cicitikile msonkhano wa ku Drakensberg.

Muno mu Zambia, madotolo a ana pa cipatala ca University Teaching Hospital, motsogoleledwa ndi Dr John Musuku, anayambitsa nchito yochedwa BeatRHD Zambia, yophunzitsa anchito a za umoyo ndi makolo za kuopsa kwa zilonda zapakhosi. Iwo anaunika mitima ya ana a sukulu oposa 1,000 mu Lusaka, ndipo zotulukapo zimene zinafalitsidwa mu 2018, zimene a Mayosi analemba nao, zinaonetsa kuti ana pafupifupi 12 mwa 1,000 alionse anali ndi zizindikilo za matendawa pa mtima. Amenewa anali ana opezeka m'kalasi, osati ogona m'cipatala.

Cibadwa cimene cimapha acinyamata mwadzidzidzi

A Mayosi sanasiye luso limene anaphunzila ku Oxford. Kwa zaka pafupifupi 20, gulu lao linatsatila banja lina la ku South Africa limene acinyamata ake anali kufa mwadzidzidzi ndi matenda ochedwa ARVC. Pa matendawa, mnofu wa mtima umasanduka mafuta ndi zipsela pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mtima umagunda mosokonezeka n'kuima, kawilikawili munthu ali pa masewela.

Makhalidwe a thupi amene mwana amatengela kwa makolo amalembedwa m'tizigawo ta m'maselo tochedwa gene. Mu 2017, gulu la a Mayosi, mogwilizana ndi akatswili a ku Italy ndi ku Canada, linalengeza kuti lapeza colakwika mu gene yochedwa CDH2. Gene imeneyi imapanga comatila cimene cimagwilizanitsa maselo a mtima, ndipo ikalakwika maselowo amalekana. Phindu la zimenezi n'lakuti abale a m'banja lotele akhoza kupimidwa magazi, ndipo amene atengela colakwikaco angathe kuyang'anilidwa ndi kucenjezedwa ngozi isanagwe.

Kuphunzitsa amene adzapitilize

A Mayosi analemba nao nkhani za kafukufuku zoposa 300. Mu 2009 boma la South Africa linawapatsa mendulo ya Order of Mapungubwe, ndipo mu 2017 anasankhidwa kulowa m'bungwe la National Academy of Medicine la ku America. Koma amene anagwila nao nchito amachula kwambili za anthu amene anawaphunzitsa.

Mu 2009 iwo anatsogolela gulu la akatswili a bungwe la Academy of Science of South Africa limene linacenjeza kuti kafukufuku wa m'zipatala akufooka m'dzikolo, cifukwa ofufuza ambili anali kukalamba popanda owalowa m'malo. Pothana ndi vutoli, analimbikitsa colinga cophunzitsa anchito a za umoyo 1,000 mpaka digili ya PhD pa zaka 10. Thumba lolipilila maphunzilowo linayamba mu 2013, ndipo iwo atamwalila linapatsidwa dzina lao.

Ena mwa amene anadutsa m'manja mwao anafika pa maudindo akuluakulu. Pulofesa Ntsekhe anakhala mkulu wa za matenda a mtima pa Groote Schuur. Pulofesa Ntobeko Ntusi anawalowa m'malo pa dipatimenti yao mu 2016, ndipo mu 2024 anakhala mtsogoleli wa bungwe la South African Medical Research Council. Pulofesa Zühlke anapitiliza nchito ya rheumatic heart disease mpaka kudziwika pa dziko lonse. Kuonjezela pa amenewa pali madotolo a m'zipatala za Kampala, Maputo, Blantyre, Lusaka ndi kwina, amene kudzela mu IMPI ndi REMEDY anazolowela kugwila nchito yofufuza mogwilizana, m'malo mwakuti aliyense azingotumiza magazi a odwala ake ku Ulaya.

Imfa yao

Mu 2016 a Mayosi anakhala mkulu wa maphunzilo onse a za umoyo pa yunivesiti ya Cape Town. Anayamba udindowo pa nthawi imene ophunzila a m'mayunivesiti a ku South Africa anali kucita zionetselo zokana malipilo a sukulu, ndipo iwo anapezeka pakati pa ophunzila ndi akuluakulu a yunivesiti. Pa 27 July 2018 anamwalila ku Cape Town. Banja lao linanena poyela kuti anadzipha, atavutika ndi matenda a maganizo kwa zaka ziwili. Gulu limene yunivesiti inakhazikitsa kuti lifufuze nkhaniyi linatulutsa lipoti mu 2020 loonetsa kuti nthawi ya zionetseloyo inawalemetsa kwambili, ndiponso kuti cithandizo cimene analandila sicinali cokwanila.

Kulimba mtima kwa banjalo ponena coona kunatsegula nkhani imene anthu ambili amaibisa. Kuvutika maganizo ndi matenda monga ena onse. Amagwila ophunzila ndi osaphunzila, madotolo omwe, ndipo ali ndi cithandizo ku cipatala. Amene akuona kuti moyo wamulemela, kapena amene akuona m'bale wake atasintha, ayenela kulankhula ndi anchito a za umoyo msanga.

Zimene zacitika pambuyo pake

Mafunso amene REMEDY inadzutsa anapitiliza kuyankhidwa. Mu 2022, kafukufuku wochedwa INVICTUS, amene Pulofesa Ntsekhe anali mmodzi wa atsogoleli ake, anayelekezela mankhwala awili oletsa magazi kuundana pa odwala oposa 4,500 a m'maiko 24, amene tizitseko tao tinaonongeka ndipo mtima unali kugunda mosalongosoka. Anapeza kuti omwa mankhwala akale a mtundu wa warfarin anafa ocepa kuposa omwa mankhwala atsopano ochedwa rivaroxaban. Caka comweco, kafukufuku wa gulu lina ku Uganda anaonetsa kuti ana amene makina apeza zizindikilo zoyambilila pa mtima wao akamalasidwa penicillin mwezi ndi mwezi, matenda amakula mwa mwana mmodzi cabe pa 100, poyelekezela ndi 8 pa 100 mwa osalasidwa.

Umboni tsopano ulipo. Catsala ndi nchito ya tsiku ndi tsiku: penicillin osasowa pa kiliniki, namwino wophunzitsidwa kulasa nyeletiyo mosamala, buku lolembamo odwala kuti wolumpha mwezi afunidwe, ndi makina ounikila mtima pa cipatala ca m'boma. Opaleshoni yosintha tizitseko imapulumutsa moyo, koma ndi yodula ndipo siingafikile onse oifuna.

Mbali ya makolo ndi aphunzitsi ndi yosavuta kuimvetsa. Mwana akadandaula za pakhosi uku thupi likutentha, apite naye ku kiliniki m'malo momugulila mankhwala pa kantemba, ndipo mankhwala amene wapatsidwa amalize. Mwana amene mfundo zake zikutupa ndi kuwawa, kapena amene amatopa ndi kubanika msanga kuposa anzake, apimidwe mtima. Amene anauzidwa kale kuti ali ndi matendawa asalumphe nyeleti yake ngakhale akumva bwino, ndipo mai wodwala mtima akambilane ndi dotolo asanatenge pakati.